Tsiku limene tinalondola madzi a mvula

Ndakhala m'Ndirande zaka 14, m'nyumba ya lendi, kumunsi komwe ngalande ya kwathu imakathira mu mtsinje wa Nasolo. Ndimasoka zovala pakhonde. Dzinja likafika, mtambo ukangoda chakuphiri, ndimayamba ndakweza nsalu za makasitomala pamwamba pa kabati, kenako ndimathamangira kukasuzumira kalavati yomwe ili pafupi ndi geti lathu. Ikatsekeka, madzi amakhotera m'nyumba mwanga.

Zomwe timavuula m'kalavatimo ndi majumbo, mabotolo a maheu, zitsononkho za chimanga, mapampasi a ana, ndi mchenga wodzaza mawilibala. Zambiri zimachokera kumtunda. Alipo anthu amene amasunga zinyalala m'thumba kudikira mvula, ikayamba amakakhuthula m'ngalande n'kumati madzi atenga. Sindingawanyoze kwambiri, chifukwa nanenso ndinkatero pamene ndinkakhala kumtundako. Sindinkadzifunsa kuti madziwo akupita nazo kwa yani.

Uthenga wa kasamalidwe ka zinyalala timaumva ndithu. Pa wailesi amanena, pamaliro amfumu amanena, kutchalitchi nakonso. Mu Novembala 2020 pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anakhazikitsa tsiku loyeretsa dziko, Lachisanu lachiwiri mwezi uliwonse, ndipo miyezi yoyambayo tinatuluka ndi matsache. Koma tinkasesa n'kuunjika mulu m'mbali mwa ngalande momwemo, mvula n'kubwezeramo zonse. Mawu oti "tisataye zinyalala mwachisawawa" aliyense amavomera ndi mutu, ngakhale amene thumba lake lili kuseri kwa chitseko. Kumisonkhanonso ankaitana eni mapuloti, pomwe ambiri amene timagona m'nyumbazi ndife alendi. Landilodi wanga amakhala kwina, sanawolokepo matope a pakhomo pano.

Namondwe wa Freddy atagwa mu Malichi 2023, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo dziko lonse linataya anthu oposa 1,000. Ngalande yoyera sikanaletsa zimenezo, ndisaname. Koma kuchokera pamenepo tonse tinayamba kuwaopa madzi. Ku gulu lathu la banki m'khonde, komwe kuli amayi a kumtunda ndi a kumunsi, nkhaniyi inkabuka sabata iliyonse, nthawi zina mpaka kulozana zala. Mayi wina wachikulire ndiye anatidula: "Ana inu, m'malo mokangana, bwanji tikawalondole madziwo?"

Tinapempha amfumu kuti atiperekeze. Tsiku lina mu Disembala mvula itangokata, tinayambira kumtunda, madzi akadali kuyenda. Ulendo wa mphindi 20 unatitengera maola awiri. Tinaona dothi lofiira likukokoloka m'minda ya m'phiri momwe mitengo inatha. Tinaona malata opanda magata, madzi akungogwera pansi n'kukumba kanjira kawokawo. Bambo wina anawaka simenti bwalo lonse, n'kuboola mpanda kuti madzi azitulukira kwa mnansi wake. Wina anamanga mpanda wa njerwa pamwamba penipeni pa ngalande, n'kusiya kabowo koti nkhuku ingavutike kudutsa. Ana a sukulu anatitsatira, ndipo mwana wa mchemwali wanga, wa Fomu 3, anawerengera pansi ndi kamtengo: denga la mamita 10 m'litali ndi 5 m'lifupi, mvula ya mamilimita 20, ndiye kuti malita 1,000, madiramu asanu. Denga limodzi lokha! Amfumu anati abwereze, ndipo anthu anayamba kuwerenga madenga ndi maso.

Tinathera pakhomo panga. Ndinawalowetsa amayi a kumtunda aja m'chipinda, n'kuwaonetsa mzere wa matope pakhoma, wofika m'mawondo. Mmodzi anatola jumbo pakalavati, n'kuzindikira makoko a mbatata amene anasenda yekha m'mawa womwewo. "Achemwali, iyi ndi yanga," anatero motsitsa mawu. Palibe anamuseka.

Tinagawana ngalandeyo, nyumba zisanu chigawo chimodzi, alendi ndi eni puloti mofanana. Timafukula mu Okutobala mvula isanayambe, ndipo zofukulazo zimachoka tsiku lomwelo. Ena anakumba maenje a manyowa otayamo makoko ndi zotsala za kukhitchini. Ine ndinasonkherana ndi landilodi kugula gata ndi diramu, madziwo ndimachapira. Potsetsereka tinadzala udzu wa vetiva, ngakhale mbuzi sizikuupatsa mtendere.

Majumbo ndi mapampasi ndiye akutisowetsabe pogwira. Malo otayira ali kutali, choncho timasonkha ndalama kulipira anyamata a wilibala. Mwezi watha tinapeza kuti mmodzi amakangokhuthula mu Nasolo kuseri kwa mlatho, kutanthauza kuti tikuwatumizira anthu a kumunsi kwathu zomwe ife timadandaula nazo. Panopa timasinthana kumuperekeza. Bambo wa mpanda uja anakanitsitsa kugumula, akuti puloti anagula ndi ndalama zake, ndipo nkhani yake ikadali kwa amfumu. Loweruka likubwerali tikukalondolanso madzi, ulendo uno kuyambira pa geti langa kutsikira kumtsinje.