Nsikidzi Zinalowa ndi Bedi la Mwana Wanga

Patangotha milungu itatu nditagula bedi lamatabwa logwiritsidwa kale ntchito, mwana wanga anayamba kudzuka ndi totupa toyabwa tondondozana pamkono. Ndinkaganiza kuti ndi udzudzu, mpaka tsiku limene ndinaona timadontho takuda m'misoko ya matiresi. Nditaunika ndi tochi molumikizira matabwa, ndinazipeza nsikidzi zofiirira, zaphwatalala, zotalika pafupifupi mamilimita 5, pamodzi ndi timazira take toyera.

Ndinalakwitsa popopera mankhwala kamodzi kokha n'kukhulupirira kuti vuto latha, chifukwa mazira ambiri amapulumuka ndipo amaswa pakatha masiku 6 mpaka 10, pomwe zikuluzikulu zimatha kukhala miyezi osayamwa magazi. Chimene chinatipulumutsa ndi kutentha. Ndinachapa zofunda zonse m'madzi otentha madigiri 60 n'kuzisita, ndinamasula bedi lonse n'kuthira madzi owira m'ming'alu yake, kenako ndinamata ming'alu ya pakhoma, ndipo ndinabwereza ntchitoyi mlungu uliwonse kwa mwezi wathunthu.

Mnansi wanga anandilangiza kuti nditaye neti, akuti ndiyo imabweretsa nsikidzi, koma ndinakana. Neti imangozipatsa pobisala monga nsalu ina iliyonse, ndipo palibe umboni woti nsikidzi zimafalitsa matenda kwa anthu, pomwe malungo amapha ana. Ndinakananso kuthira palafini kapena mankhwala a kumunda pogona mwana, chifukwa ndi poizoni.

Masiku ano chovala chilichonse cha pakaunjika chimayamba chalowa m'madzi otentha chisanafike kuchipinda.