Ma cursor 28 pa nthawi imodzi, zomwe ndaphunzira pa VS Code

Sabata yatha mu VS Code, pulogalamu yolembera code, ndinatsegula ka script ka Python kamene ndinalemba kalekale ndili mu chaka choyamba, ndipo m'menemo munali maboma onse 28 a Malawi, lililonse ndi variable yakeyake. boma1 = "Chitipa", boma2 = "Karonga", mpaka boma28. Ndimafuna ndiwadutse onse mmodzimmodzi ndichotse ma space otsala kumapeto kenako ndiwasandutse zilembo zazikulu, koma ma variable ali padera choncho sungawaike mu for loop, ndiye ndinayamba kukonza mzere ndi mzere pogwiritsa ntchito mausi, pofika pa Mzimba dzanja linali litatopa kale.

Mnzanga wina tikugwira naye ntchito ndi amene anandionetsa njira yachidule. Umasankha mizere yonse 28, kenako udina Shift+Alt+I, basi cursor, kamzere kothwanima kosonyeza pomwe ukulemba, imaoneka kumapeto kwa mzere uliwonse. Ukalemba comma imodzi, imalembeka pa mizere yonse nthawi imodzi. Kenako Home kuti onse abwerere kumayambiriro, ndiye Ctrl+Delete mpaka dzina la variable ndi = zachoka kwatsala string yokha. Chomwe chinandisangalatsa apa ndi chakuti Ctrl+Delete imafufuta liwu lonse osati chilembo, ndiye zilibe kanthu kuti boma1 ndi lalifupi kuposa boma17, cursor iliyonse imadziwa pothera liwu lake. Ukanagwiritsa ntchito column selection ija ya Shift+Alt ndikukoka mausi, mizere ya manambala awiri ikanasokonekera. Ndinaika maboma = [ pamwamba ndi ] pansi, kenako for boma in maboma: print(boma.strip().upper()), ntchito yomwe ndimaganiza itenga theka la ola inatha mu mphindi ziwiri.

Koma Ctrl+D ndiye muisamale amwene. Iyi imasankha liwu lomwe mwaika cursor, mukadinanso imawonjezera lotsatira lofanana nalo. Vuto limabwera mukasankha nokha kachidutswa ka liwu ndi mausi, mwachitsanzo "boma", chifukwa imagwiranso "boma" amene ali mkati mwa "maboma". Ine ndinapita patsogolo ndikudina Ctrl+Shift+L yomwe imasankha onse ofanana mu fayilo yonse nthawi imodzi, ndinalemba dzina latsopano, ndipo list yanga ija inasinthika dzina osadziwa. Mukamasankha ndi Ctrl+D, Ctrl+K kenako Ctrl+D imadumpha lomwe simukulifuna, ndipo Ctrl+U imabweza cursor yomaliza mukapitirira. Ndipo ngati cholinga chanu ndikungosintha dzina la variable imodzi paliponse pomwe yagwiritsidwa ntchito, musavutike ndi zonsezi, dinani F2, iyo imamva code yake siyang'ana zilembo zokha.

Alt ndi kudina mausi imaika cursor pamalo aliwonse mwafuna, ndimaigwiritsa ntchito ma string akakhala obalalika. Ctrl+Alt+Down nayo imawonjezera cursor pansi, ngakhale pa ma laputopu ena a Windows okhala ndi Intel graphics imatembenuza screen yonse chadodolido, mukaona zimenezo dinani Ctrl+Alt+Up ibwerera. Pa Mac m'malo mwa Ctrl+D ndi Cmd+D.

Zimenezi sizinayambe ndi VS Code yomwe Microsoft inatulutsa mu 2015, anthu ambiri anazizolowera kaye pa pulogalamu ina yolembera code yotchedwa Sublime Text, ndipo Ctrl+D yake ndi yomweyo. Anzathu ogwiritsa ntchito pulogalamu ya Vim amachita ndi * kenako cgn ndikumadina dontho kuti zibwerezeke, ndayesapo ndipo ndaikonda.

Usiku womwewo ndinapezanso mafayilo ena atatu akale okhala ndi dzina1, dzina2, foni1, foni2, ndakonza awiri, lachitatu ndilipanga mawa magetsi akabwera.