Tsiku la MOT ndi mapaipi anga a waya

Lachiwiri. Ndadzuka mtima uli m'mwamba chifukwa lero linali tsiku lokayezetsa njinga yanga yamoto. Kuno ku England amati MOT, ngati COF ya kwathu ija. Njinga ikakwana zaka 3 imayezedwa chaka chilichonse, ndipo mtengo wake supitirira £29.65.

Nkhawa yanga inali pa mapaipi a mabuleki. Mwezi watha ndinachotsa a labala omwe anabwera ndi Suzuki SV650 yanga. Buku lake limati azisinthidwa zaka 4 zilizonse, koma anga anali atapitirira kalekale. Labala akakalamba amafufuma ukafinya buleki, mphamvu ina n'kumathera m'kufufumako. Ndiye ndinagula a kampani ya HEL, olukidwa ndi waya wosachita dzimbiri, mkati muli kapaipi ka Teflon. Buleki inayamba kugwira ndi zala ziwiri zokha.

Anandiopseza ndi alamu anga a ku Stuttgart, ku Germany, komwe kokayezetsa njinga amati ku TÜV. "Alamu, kuno mukapita ku TÜV opanda pepala la ABE, akubwezani pakhomo pomwe." Kwawoko n'zoona, mapaipi otere amafuna chikalata chowavomereza, ngati cha ABE chimenecho. Ine ndinagona ndikuganiza kuti kunonso ndi chimodzimodzi.

Ku galaja ndapeza bambo wina wachikulire, wosalankhulalankhula. Za pepala sanafunse n'komwe. Anayendetsa zala m'paipi yonse, kusuzumira pa ma banjo bolt (ma bolt omangira nsonga za paipi) ngati mafuta akudontha, kuona ngati paipi yapotokola kapena yakokeka. Kenako anakhotetsa chiwongolero mpaka kumapeto kumanzere, n'kundikodola.

Paipi yakutsogolo inali kukhudza chitsulo cha foloko. Pulasitiki yokutira wayayo inali itayamba kale kuperepeseka, mwezi umodzi wokha! Ndinamva thupi kuzizira, poganiza kuti ndakhala ndikuthamanga nayo usiku pochokera kuntchito. Iwo anandifotokozera kuti pulasitikiyo ikatha, wayayo amadya chitsulo ngati tupa, nayenso n'kumadyeka. Chinanso, labala akatopa amaonetsa ming'alu, pomwe paipi ya waya imabisa chilonda mkati. Ichi n'chimene ndinali ndisanachiganizirepo. Malamulo a kuno saletsa mapaipi olukidwa, amangofuna kuti akhale omangidwa bwino, osakhuzana ndi kanthu, osadontha. Ndikuona kuti ndi malamulo anzeru, chifukwa pepala silikanaona zomwe zala za bambowa zinapeza.

Vuto laling'ono amalola kulikonza pomwepo pasanathe ola limodzi. Tinamasula bolt, kutembenuza paipi pang'ono, kuika mawashala atsopano a kopa, kuimanga ndi kachitsulo kogwirira, n'kutulutsa mpweya m'mafuta. Poyesa mphamvu pamafunika 30% pa buleki imodzi ndi 25% pa inayo. Yanga inadutsa bwinobwino.

Ndafika kunyumba cha m'ma 4, n'kuimbira a inshuwalansi kuwauza za mapaipiwo, poti kuno kusintha kulikonse pa njinga amafuna udziwitse. Alamu ndiwaimbira mawa.