Agogo ankanyamula machila ku Burma

Lero posesa m'nyumba ya malemu agogo kuno ku Ntcheu tapeza mendulo yawo ya kunkhondo m'kachitini ka fodya. Anthu ankawaseka kuti msilikali wanji wosawombako mfuti. Iwo ankangoti phee.

Anapita ku Burma (lero ndi Myanmar) ndi asilikali a KAR (King's African Rifles, gulu lankhondo la atsamunda a ku Britain) mu 1944, pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ntchito yawo kunyamula ovulala. Ku Kabaw Valley mvula osakata, matope mpaka m'mawondo, anthu anayi pa machila amodzi. Ankati malungo ndi kamwazi zinagwetsa anyamata ambiri kuposa zipolopolo za Ajapani, n'chifukwa chake ankalimbana ndi anzawo kuti amwe mepacrine, timapiritsi towawa tachikasu toteteza ku malungo.

Atabwerako, mudzi wonse unkadzamangitsa mabala pakhonde pawo, owaseka aja omwe. Menduloyi ndatenga ine, amalume musavutike kuifunafuna.