Momwe ndinaphunzirira kutsogolera mzikiti wakwathu

Akuluakulu a mzikiti wathu, kumudzi kwathu chakumsewu wa ku Chadiza, ndiwo anandisankha kuti ndikaphunzire utsogoleri wa mzikiti ku Chipata. Wachinyamata amene akufuna kuyenda njira imeneyi ayambire pomwepo: atenge kalata ya komiti ya mzikiti wakwawo, chifukwa mashehe amafuna kudziwa kuti akamaliza adzabwerera kwa ayani.

Pofika, anandikhazika pansi n'kunditsegulira Qur'an kuti ndiwerenge. Sanafune kumva kuti ndaloweza masura (machaputala a Qur'an) angati mwa 114 aja, ankamvetsera katchulidwe ka zilembo. Ambirife tinabwezedwa ku alifu ndi baa, zilembo zoyamba za Chiarabu, ndipo palibe chamanyazi pamenepo, pakuti imamu (wotsogolera mapemphero) wolakwitsa Fatiha, sura yoyamba ya Qur'an, amasokoneza swala (pemphero) ya anthu onse ali kumbuyo kwake. Kenaka tinaloweza juzu ya 30, gawo lomaliza la Qur'an, ya masura aafupi omwe timawerenga tsiku ndi tsiku, n'kulowa m'malamulo a udhu (kudziyeretsa ndi madzi usanaswali) ndi swala.

Apa ndi pomwe ku Chipata amaphunzitsa zimene kumudzi sungazione. Ife tinakulira m'njira ya Imamu Shafi'i, monga ambiri a makolo athu achiyao, pamene abale athu ambiri amwenye amatsata Imamu Abu Hanifa. Ife timawerenga kunuti, pempho lapadera kwa Allah, pa swala ya m'bandakucha, iwo satero. Kwa ife swala ya Ijumaa (Lachisanu) imafuna amuna 40, kwa iwo ochepa amakwanira. Shehe wathu ankatiuza kuti tidziwe umboni wa mbali zonse ziwiri, kuti tisadzagawanitse mzikiti pa nkhani imene maulama (akatswiri a chipembedzo) akale anasiyana maganizo koma nkumaswalibe pamodzi. Ndimaona kuti phunziro limeneli lokha lapulumutsa mizikiti yambiri ku mikangano.

Khutuba, ulaliki wa pa Ijumaa, tinkaiyeseza pamaso pa anzathu: magawo awiri, kukhala pansi pang'ono pakati, kutamanda Allah ndi kufunira zabwino Mtumiki Muhammad (mtendere ukhale pa iye) m'Chiarabu, ulaliki m'chinenero chimene agogo angamve.

Koma chimene chinanditengera mtima ndi maliro. Tinaphunzira kusambitsa mtembo poyambira mbali ya kumanja ndi ziwalo za udhu, katatu kapena kasanu, monga Mtumiki analangizira amayi amene anasambitsa mwana wamkazi wa Mtumikiyo. Tinaphunzira kudula sanda yokulungira mtembo, nsalu zitatu za mwamuna, zisanu za mkazi, ndi kuswalitsa janaza (swala ya maliro) ya matakibira (kunena kuti "Allahu Akbar") anayi yopanda kuwerama kapena kugwetsa nkhope pansi. Shehe ankatitenga ku maliro enieni kuti tikagwire ndi manja athu. Ndinene pano kuti mizikiti yathu ikuchedwa kuphunzitsa amayi. Mtembo wa mkazi amasambitsa ndi akazi anzake, nanga m'mudzi mukakhala mayi mmodzi yekha wodziwa, iye akadwala mudzatani? Nditabwerera kwathu, nkhani yoyamba imene ndinaitula ku komiti inali imeneyi.

Gawo lolemera kuposa onse linali la chuma cha masiye. Qur'an, mu Sura An-Nisa, inagawa kale: mkazi wamasiye amalandira gawo limodzi mwa asanu ndi atatu ngati pali ana, limodzi mwa anayi ngati palibe, ndipo mwana wamwamuna amalandira kawiri kuposa wamkazi. Zonsezi zimachitika ngongole za malemu zitalipidwa. Komanso tili m'Zambia, kumene lamulo la 1989 limati munthu akamwalira osalemba wilo, ana amalandira 50 peresenti, mkazi kapena mwamuna wotsala 20, makolo 20, ndipo ena amene ankadalira malemuyo 10. Pamwamba pa izi pali mwambo wathu wa kuchikazi, umene umachititsa kuti amalume ndi adzukulu adzione ngati eni katundu. Mtsogoleri amene sadziwa zitatu zonsezi amangoonerera mkazi wamasiye akulandidwa ng'ombe ndi malata. N'chifukwa chake tinaphunzitsidwa kulimbikitsa anthu kulemba wilo akadali moyo, ndiponso kupita kaye kwa anyakwawa nkhani ikakhudza munda, popeza malo a mafumu ali ndi malamulo akeake.

Zakaati, chopereka chokakamizidwa m'Chisilamu, yomwe ndi 2.5 peresenti ya chuma chimene chakwana mlingo wake n'kutha chaka, tinaiphunzira limodzi ndi kalembedwe ka buku la ndalama. Chopereka chilichonse chilembedwe, ndipo awerengetse anthu awiri.

Sanandilole kuima ndekha kutsogolo nditangobwerera. Ndinayamba ndi kuphunzitsa ana ku madrasa (sukulu ya Chisilamu) masana, kenaka kuswalitsa swala za tsiku ndi tsiku, shehe wathu wamkulu ali pamzere woyamba kundimvetsera. Khutuba ya Ijumaa inabwera pambuyo pake, ndipo milandu ya mabanja mpaka lero ndimaimva nditakhala pambali pa shehe wamkuluyo, iwo n'kumandifunsa maganizo anthu akabalalika.