Madzi a m'thanki ya makorali akachita mbuu osafuna kuyera

Thanki ya makorali (zamoyo za m'nyanja ya mchere zooneka ngati miyala kapena zomera) ikachita mbuu n'kutha sabata yathunthu ili choncho, ambiri amathamangira kutaya madzi theka la thanki n'kuthiramo atsopano, kapena kukagula botolo la mankhwala oyeretsera madzi. Mchere wa makorali, wopangira madzi atsopanowo, ndi wodula, ndipo kawirikawiri pakangopita masiku awiri madzi aja amabwerera mwakale. Zimene zimadetsa madziwa n'zosiyanasiyana, ndipo chimene chimachiza vuto lina chimatha kukulitsa linzake. Musanathiremo kanthu kalikonse, dziwani kaye chimene chikuyandama m'madzimo.

Pofufuza pangofunika tambula yagalasi yotsuka bwino. Zimitsani nyali za buluu chifukwa zimabisa mtundu weniweni wa madzi, tungani madzi pakati pa thanki, ikani tambulayo pa pepala loyera n'kuisiya. Ngati madzi ayera pasanathe mphindi 10 ndipo m'mbali mwa tambula mwamatirira tithovu, ndi mpweya chabe. Ngati pakatha maola angapo pansi padikha fumbi loyera, ndi mchenga kapena laimu. Ngati kwacha madzi akadali ngati otsukira mpunga, pansi popanda chodikha, amenewo ndi mabakiteriya. Akakhala obiriwira ndi ndere zoyandama.

Tithovu sitichedwa kupezeka gwero lake. Onani ngati madzi achepa m'chipinda cha sump (kathanki kothandizira ka pansi pa thanki yaikulu) momwe muli pampu yobwezera madzi kumtunda, chifukwa akachepa pampuyo imayamwa mpweya. Onaninso polumikizira mapaipi kumbali yoyamwira. Skimmer yatsopano (chida chochotsa zonyansa m'madzi pogwiritsa ntchito thovu) imalavula tithovu kwa sabata imodzi kapena ziwiri kenako n'kusiya yokha. Kasiponji potulukira madzi ake n'kokwanira.

Fumbi la mchenga nalo si nkhani yaikulu. Mchenga wa aragonite wouma umafunika kutsukidwa m'ndowa mpaka madzi ake ayere, ndipo amene anauthira osatsuka adikire masiku angapo. Likamapitirira, pali chimene chikuvundula: pampu yopanga mafunde yoloza pansi, kapena kansomba ka goby kamene kamakhalira kupeta mchenga tsiku lonse. Kwezani pampuyo iloze cham'mwamba, ikani thonje losefera kapena filter sock (kathumba ka nsalu kosefera madzi) ya mabowo a ma micron 100 (ma micron 1000 ndi milimita imodzi), ndipo muzisintha pakapita masiku awiri kapena atatu. Sock ikakhalitsa, zimene yagwira zimaolera momwemo n'kusanduka chakudya cha mabakiteriya.

Laimu ndiye amafuna kumvetsetsa. Madzi a makorali amasunga calcium ndi carbonate wambiri kuposa amene madzi angathe kusunga mwamtendere, ndipo magnesium ndi amene amaziletsa ziwirizi kugwirana. Miyezo yabwino ndi calcium 400 mpaka 450 ppm (pafupifupi mamiligalamu pa lita), alkalinity (muyeso wa carbonate uja) 7 mpaka 9 dKH, magnesium 1250 mpaka 1350 ppm, ndi pH (muyeso wa asidi m'madzi; ikakwera ndiye kuti asidi wachepa) ya pakati pa 7.8 ndi 8.3. Magnesium akatsika, kapena pH ikalumpha kupitirira 8.5, calcium carbonate, yemwe ndi laimu uja, amatuluka m'madzi ngati ufa, thanki yonse n'kuchita mbuu pa ola limodzi. Zoyambitsa zake n'zodziwika: kuthira botolo la calcium ndi la alkalinity nthawi imodzi pamalo amodzi, makina owonjezera madzi atakakamira n'kukhuthulira kalkwasser wambiri m'thanki (amenewa ndi madzi a laimu owonjezera calcium, ndipo pH yawo imapitirira 12), kapena kusungunula mchere molakwika. Mchere umathiridwa pang'onopang'ono m'madzi odzaza kale, pafupifupi magalamu 35 mpaka 40 pa lita malingana ndi mtundu wake, mpaka refractometer (chida choyezera mchere m'madzi) isonyeze 1.025 kapena 1.026. Mukayamba ndi mchere n'kumathira madzi pamwamba pake, laimu amagwirana pomwepo ndipo sasungunukanso.

Chizindikiro chake n'chakuti alkalinity imatsika ngakhale mukuwonjezera, ndipo pa hita ndi m'mapampu mumamera chikhungwa choyera cholimba. Apa anthu amalakwitsa powonjezera mankhwala poona kuti nambala yatsika, osadziwa kuti akungosonkhezera moto. Imitsani zonse zowonjezera kwa masiku awiri kapena atatu. Poyeza, sefani kaye madziwo kapena adikhe, chifukwa ufa woyandamawo umasungunuka m'mankhwala oyezera n'kukupatsani nambala yabodza yokwera. Konzani magnesium choyamba, osapitirira 100 ppm pa tsiku, kenako alkalinity, osaikweza kupitirira 1 dKH pa tsiku. Mukayambiranso, mabotolo awiri aja azitalikirana ndi mphindi zosachepera 30, ndipo azigwera pamene madzi akuthamanga. Ngati kalkwasser wakweza pH kupitirira 8.6, viniga woyera wokwana 1 ml pa malita 4 aliwonse amaitsitsa ndi pafupifupi 0.3. Thirani kamodzi, yezaninso, osabwereza mwachisawawa, chifukwa viniga yemweyo ndi chakudya cha mabakiteriya.

Mabakiteriyawo ndi amene amavutitsa anthu ambiri amene madzi awo sakuyera kwa masabata. Si aja othandiza amene amakhala pamiyala n'kumasandutsa ammonia (poizoni wochokera ku zonyansa za nsomba) kukhala nitrate. Amenewo amaswana mochedwa ndipo sayandama. Awa ndi odya zoola ndi shuga, ndipo chakudya chikachuluka amatha kuwirikiza kawiri pasanathe ola. N'chifukwa chake kusintha madzi sikuwathetsa: mukachotsa theka, otsalawo adzaza malowo dzuwa lisanalowe. Amene anazolowera kuweta mbuna za m'nyanja ya Malawi, kumene kusintha madzi ambiri kumakonza pafupifupi chilichonse, apa ndi pamene amaonongera mchere. Sock nayo siwagwira, popeza bakiteriya mmodzi ndi pafupifupi micron imodzi ndipo amadutsa pa mabowo a ma micron 100 ngati nyerere pachipata cha khola.

Choopsa chenicheni si maonekedwe a madzi koma mpweya. Mabakiteriyawa amapuma okosijeni yemweyo amene nsomba zikufuna, madzi amchere amasunga okosijeni wochepa kuposa madzi opanda mchere, ndipo usiku ndere za m'matupi a makorali zimasiya kupanga wina. Nsomba zimafa m'mbandakucha, zikuluzikulu ndi zothamanga monga ma tang zikuyambirira. Mukaona zikupuma mofulumira kapena zaunjikana pamwamba, musadikire kuche. Lozetsani pampu imodzi pamwamba kuti madzi azigavira, chotsani chivindikiro, ikani mwala wotulutsa mpweya mu sump, ndipo skimmer isazime ngakhale ikusefukira; chotsani kapu yake kapena tsitsani madzi m'kati mwake, koma iziyendabe. Kutentha kukhale 25 °C, pakuti madzi akatentha okosijeni amachepa. Kumene magetsi amathimathima, kapampu ka mpweya koyendera mabatire kakhale pafupi, chifukwa thanki yodzaza mabakiteriya siipirira maola ambiri mapampu atazima.

Mpweya ukakhala bwino, sakani chimene chikuwadyetsa. Ngati mumathira vodka, viniga kapena mankhwala a NoPox pofuna kutsitsa nitrate, imitsani lero lomwe, ndipo madzi akayera mudzayambirenso ndi theka la mlingo wakale. Ngati muli ndi ma biopellet (timibulu todyetsa mabakiteriya kuti atsitse nitrate), madzi otuluka m'chida chimene muli timibuluto azilowa molunjika mu skimmer. Ma amino acid ndi zakudya zamadzimadzi za makorali ziyambe zaima. Kenako werengani ziweto zanu. Nkhono imodzi yaikulu ya Turbo yofera kuseri kwa mwala ndi yokwanira kudetsa thanki yaing'ono. Mukaikayikira inunkhizeni, simudzafunsanso. Anemone (chamoyo chofewa chooneka ngati duwa) yolowa m'pampu n'kugayika, nsomba yosowa, kapena Caulerpa (mtundu wa ndere zikuluzikulu) wa mu refugium (chipinda cholimamo ndere) amene watuwa n'kutulutsa mbewu zake zonse usiku umodzi, zonsezi zimachita chimodzimodzi. Yezani ammonia. Ikapitirira 0.2 ppm, pamenepo ndiye kusintha madzi 20 mpaka 25 peresenti kuli ndi phindu, chifukwa mukuchotsa poizoni. Madzi atsopanowo akhale a RO/DI (osefedwa ndi makina ochotsa zonse zosungunuka) osonyeza 0 pa mita ya TDS, yoyezera zosungunukazo, ndipo mgolo wosungiramo muziusuzumira, nthawi zina dothi limachokera momwemo. China chimene anthu saganizira ndi mpweya wa m'chipinda: skimmer imaukoka tsiku lonse, choncho zopopera zonunkhiritsa m'nyumba ndi sanitaiza wa m'manja zikhale kutali ndi thanki.

Chakudya chichepe ndi theka kwa sabata imodzi. Cha mufiriji chisungunulireni m'kapu, tayani madzi ake, nsomba zilandire nyama yokha.

Thanki yatsopano yomangidwa ndi miyala youma imachita mbuu wotere m'masabata oyamba chifukwa pamiyalapo sipanamere zamoyo zopikisana ndi mabakiteriyawa. Ngati mulibe nsomba, isiyeni, imayera yokha.

Chida chimene chimagwiradi ntchito pa mabakiteriya ndi pa madzi obiriwira ndi UV sterilizer. Kuwala kwake kwa ma nanometer 254 kumaononga tizilombo todutsa pafupi ndi babu kuti tisaswanenso, ndipo thanki imayera pakati pa tsiku limodzi ndi masiku atatu. Ya mawati 15 mpaka 25 imakwanira thanki ya malita 200 mpaka 300. Ikalephera, zifukwa zake n'zitatu: madzi akuthamanga kwambiri kupitirira mlingo umene opanga analemba, galasi la quartz lokuta babu lachita laimu, kapena babulo latha mphamvu. Babu limayakabe ngakhale litafooka, choncho lisintheni chaka chisanathe. Galasi liviikeni mu viniga kapena citric acid. Babu loyaka lili pamtunda musaliyang'ane, limapsereza maso. Koma UV imangoononga tizilomboto, siyichotsa chakudya chake. Mukaizimitsa madzi n'kudanso, gwero lija simunalipeze.

Pa madzi obiriwira wonjezeranipo kuzimitsa nyali masiku atatu, kutchinga dzuwa la pawindo, ndi kuyeza phosphate, amene ayenera kukhala pakati pa 0.03 ndi 0.1 ppm. Pomutsitsa samalani ndi mankhwala a lanthanum chloride: nayenso amachititsa mbuu, ndipo fumbi lake limapweteka makha a nsomba likapanda kugwidwa ndi sefa yothina kwambiri. GFO (timibulu tofiirira toyamwa phosphate) ndi makala osefera zikamavinavina mwamphamvu mu reactor (chitini chimene madzi amadutsamo) zimaperesana n'kutulutsa fumbi lofiirira kapena lakuda. GFO azingogwedezeka pang'ono pamwamba, makala asasunthe n'komwe.

Palinso madzi amene sali mbuu kwenikweni koma sakuwala. Thirani ena m'ndowa yoyera pafupi ndi ndowa ina ya madzi ongosungunula kumene. Akaoneka achikasu ngati tiyi wopyapyala, ndi zoola zosungunuka. Makala osefera amachotsa zimenezi: supuni imodzi yaikulu pa malita 40, otsukidwa ndi madzi a RO/DI, kusintha pakatha masabata atatu kapena anayi. Yambani ndi theka la mlingowo. Madzi amene akhala akuda kwa nthawi yaitali akayera mwadzidzidzi, kuwala kofika pa makorali kumawonjezeka, ndipo makorali a mitundu ya Acropora ndi Montipora a pamwamba amatha kutaya mtundu wawo n'kuyamba kufa. Tsiku limene mwaika makala kapena kuyatsa UV, tsitsani nyali ndi 20 mpaka 30 peresenti, n'kumazikweza pang'onopang'ono kwa masabata awiri.