Magetsi akathima, netiweki n'kugwa, uthenga uyenda bwanji kuno ku Mzuzu?

Nsanja za netiweki zimene timaziona pazitunda zozungulira mzinda uno zimayendera magetsi omwewo amene timaunikira m'nyumba. Akathima, nsanja imayamba kudya mabatire ake, ndipo mabatirewo akafooka jenereta ya dizilo imalira. N'chifukwa chake tsiku loyamba la mdima foni imagwira bwinobwino. Mavuto amayamba mdimawo ukatalika: dizilo watha, galimoto yokathira mafuta yakanika kufika chifukwa msewu wagumuka, kapena mafutawo akusowa m'tauni monse. Nsanja zimazima imodziimodzi, zotsalazo n'kusenza anthu onse. Pafoni timizere ta netiweki timaoneka tonse, koma mukaimba sizilowa.

Tisaiwale kuti kuno kumpoto tili kumapeto kwa chingwe. Magetsi ambiri a dziko lino amapangidwa pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe Ana ataononga malo a Kapichira mu Januwale 2022, mamegawati pafupifupi 130 anachoka kamodzin'kamodzi, ndipo kuthimathima kwake kunapitirira chaka, ngakhale kwa ife amene tili kutali ndi Chikwawa.

Choyamba kukhala nacho ndi kafoni ka mabatani kolowa ma SIM awiri, wa Airtel ndi wa TNM. Ambiri amakanyoza, koma kamakhala masiku angapo osatchaja, pamene foni yaikulu yogwira pagalasi ikafika madzulo yatha. Ma SIM awiri si chitsimikizo, pakuti pena makampani onse amapachika zida zawo pansanja imodzi, koma nthawi zambiri imodzi ikagwa inayo imatsalako. SIM yosungayo muziigwiritsako ntchito mwezi ndi mwezi, chifukwa yongokhala nthawi yaitali amaitseka.

Netiweki ikadzaza, lekani kuimba, lembani SMS. Kuimba kumafuna njira yotseguka nthawi yonse imene mukulankhula, pamene SMS imangofuna kamphindi kochepa, ndipo ikachoka pafoni panu imakadikira kukampani mpaka foni ya mnzanuyo itayaka. Isapitirire zilembo 160, kuti ipite ngati uthenga umodzi. Nenani amene akulemba, komwe muli, mmene mulili, chimene mukufuna ndi nthawi imene mudzayatsenso foni. Mwachitsanzo: "Ndine Bambo a Tadala. Tili ku tchalitchi ku Chibavi, tonse 5 tili bwino. Agogo mankhwala a shuga atsala a masiku 2. Ndiyatsanso 6 koloko madzulo." Uthenga wakuti "muli bwanji kumeneko?" umangodya batire ya anthu awiri.

Sankhaninso wachibale mmodzi wokhala kunja kwa Mzuzu, kaya ku Lilongwe, ku Karonga kapena ku Joni, kuti aliyense wa m'banja azitumiza uthenga kwa iyeyo. Munthu wa ku Zolozolo ndi wa ku Luwinga akhoza kulephera kupezana chifukwa mafoni awo sakuyaka nthawi imodzi, koma onse awiri n'kumupeza wakutaliyo amene foni yake ili yoyaka tsiku lonse.

Foni ikamasakasaka netiweki imene kulibe imamaliza batire msanga kuposa pamene ikugwira. Choncho muziizimitsa kapena kuika pa flight mode, n'kumaiyatsa kwa mphindi 10 pa nthawi zimene munapangana, tinene 6 koloko m'mawa, 12 koloko masana ndi 6 koloko madzulo. Foni yaikulu muitembenuzire ku 2G, muzimitse data, muchepetse kuwala kwa galasi.

Tsopano masamu a moto, pakuti apa ndi pamene ambiri amanamizidwa. Pawabanki (batire yonyamulika yotchajira foni) yolembedwa 10,000 mAh, womwe ndi muyeso wa moto umene imasunga, siipereka yonseyo. Moto wina umatayika posintha mphamvu kuchoka pa mavoti 3.7 a m'kati kupita pa mavoti 5 a USB, ndiye chofika mufoni chimakhala pakati pa 6,000 ndi 7,000 mAh. Foni ya batire ya 5,000 mAh idzadza kamodzi n'kutsala pang'ono, pamene kafoni ka batire ya 1,000 mAh kadzadza ka 6. Pogula inyamuleni m'manja. Ya 10,000 mAh yeniyeni imalemera magalamu pafupifupi 200 kapena kuposerapo. Ikalembedwa 50,000 koma n'kumapepuka ngati bokosi la machesi, isiyeni pomwepo. Yosunga muziitchaja pakatha miyezi 3 iliyonse, ndipo ikatupa musaigwiritsenso ntchito.

Sola ya mawati 20 yokhala ndi potulukira USB, pa tsiku la dzuwa labwino, imatha kudzaza pawabanki ya 10,000 mAh. Koma nyengo ya kuno mukuidziwa. Mvula imafika mpaka mu Epulo, ndipo mu Juni ndi Julaye nkhungu imatha kukuta m'mawa wonse. Kukachita mitambo sola imapereka gawo limodzi mwa magawo 4 a mphamvu yake, pena osafika n'komwe, ndipo masiku a mvula yosalekeza ndi omwewo amene mitengo imagwera mawaya. Ndiye ngati thumba likulola, tengani ya mawati 50. Iyang'ane kumpoto, yopendekeka pang'ono, madigiri 15, kuti madzi ndi fumbi zizitsetsereka. Musalumikize foni mwachindunji ku sola, chifukwa mtambo ukadutsa mphamvu imatsika ndipo mafoni ena amasiya kutchaja osayambiranso. Sola idzaze pawabanki, pawabankiyo ikhale pamthunzi, foni idzamwe usiku.

Batire ya galimoto ya mavoti 12 ndi 45 Ah imasunga mawati-ola 540, koma ogwiritsa ntchito ndi theka lokha. Ikadzadza imawerenga mavoti 12.6, ikafika 12.2 ndiye kuti yafika pa theka. Mukamaitsitsa kupyola 12.0 kawirikawiri imafa msanga, chifukwa inapangidwira kulizira injini, osati kukamidwa pang'onopang'ono. Gulani soketi ya m'galimoto ija yoyatsira ndudu ndi katchaja kake ka USB, ndipo pa waya wofiira, pafupi ndi batire penipeni, muikepo fyuzi ya maampu 5. Popanda fyuzi, mawaya akagundana amafiira n'kuyatsa nyumba. Pakati pa sola ndi batire pakhale kontirola, kachida koletsa batire kudzaza mopitirira muyeso. Batire ikamatchaja imatulutsa mpweya woyaka, ndiye isayandikane ndi mbaula kapena kandulo. Inveta, chida chosandutsa moto wa batire kukhala ngati wa pakhoma, musaivutikire pongofuna kutchaja foni, imadya moto ngakhale isakugwira kanthu.

Wailesi ndi yongomvera, koma pa tsiku la ngozi kumva ndi theka la nkhani: mlatho uti wakokoloka, a DoDMA (nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi) ndi a Red Cross akhazikitsa kuti misasa, a zanyengo akuti mvula ileka liti. MBC ndi Zodiak zimamveka kuno, ndipo Voice of Livingstonia ndi Radio Tigabane zimaulutsira mumzinda momwe muno, ndiye nkhani za m'makwalala mwathu zimafika msanga kumeneko. Pezani wailesi ya mabatire a tochi, musunge mabatire atsopano osatsegula, ndipo musawasiye m'kati mwa wailesi yongokhala chifukwa amadontha n'kudya tizitsulo. Kafoni ka mabatani kaja nako kali ndi FM yosafuna netiweki, kungoti mafoni ambiri amafuna mubayike mahedifoni, pakuti waya wakewo ndiye eriyo. Wailesi ikhale ndi SW (shortwave, mafunde ofika kutali), kuti nyumba zoulutsira mawu za kuno zikazima muzimvako za kunja, makamaka usiku. Waya wa mamita 5 mpaka 10 wokulungidwa ku eriyo n'kuukoka m'mwamba umathandiza kwambiri. Kukayamba ziphaliwali, muuchotse.

Nanga mawokitoki, timawailesi ta m'manja tolankhulirana tija? Awa safuna nsanja, amalankhulana okhaokha, ndiye anthu amawathamangira. Pabokosi amalemba makilomita 10 kapena 16, koma mtunda umenewo ndi wa pamwamba pa phiri kufika pa phiri linzake popanda chotchinga. Mafunde a VHF ndi UHF, amene mawokitoki amagwiritsa ntchito, amayenda mowongoka, saboola chitunda. Mzuzu ndi zitunda ndi madambo basi, ndi mitengo yonyowa pakati. Timawokitoki ta theka la wati, ta 446 MHz, m'malokeshoni timafika kilomita imodzi, pena 2 malo akakhala abwino. Munthu ali kudambo ku Chibavi ndi wina kuseri kwa chitunda ku Masasa akhoza osamvana ngakhale ali ndi zida za mawati 5. Za ku Nkhata Bay, kutsika chikweza chonse chija, musaziganize n'komwe.

Chimene chimaonjezera mtunda ndi kukwera, osati mawati. Kuchoka m'nyumba ya malata kutuluka panja kumasintha kale zinthu. Kukwera pachulu, pakhonde la m'mwamba kapena pamsana pa chitunda kumaposa kuwirikiza mphamvu ya wokitoki. Ngati magulu awiri sakumvana, ikani munthu wachitatu pachitunda cha pakati kuti azilandira mawu n'kuwapereka kutsidya. Eriyo iziima chilili, osati chogona. Dinani batani, dikirani kamphindi, kenaka lankhulani, apo ayi mawu oyamba amaduka. Nenani dzina la amene mukumuitana, kenaka lanu, ndipo mukamaliza nenani "ova" kuti mnzanu adziwe kuti mwasiya batani, poti awiri sangalankhule nthawi imodzi. Musadine batani eriyo itachotsedwa, mumapsereza chida. Ndipo manambala aja a CTCSS amene ogulitsa amati ndi achinsinsi sabisa kanthu, amangokutsekerani makutu kuti musamve ena, koma enawo amakumvani. Zakuti m'nyumba mulibe munthu kapena ndalama zili pakuti, musazinene pawokitoki.

Mbali ya lamulo ndi yofunika. Mafunde a wailesi m'dziko muno amayang'aniridwa ndi bungwe la boma la MACRA, ndipo musanagule kafunseni kuti chida chimene mukufunacho chikufunika chiphaso chotani. Wokitoki ya Baofeng UV-5R, imene imapezeka kwambiri chifukwa chotchipa, imaulutsa pa 136 mpaka 174 MHz ndi kuyambira pa 400 MHz kukwera, ndipo m'menemo muli mafunde amene anapatsidwa kale kwa ena. Kuigwiritsa ntchito mwachisawawa kukhoza kusokoneza opulumutsa anthu tsiku limene akufunika kwambiri. Amene akufuna kufika patali zenizeni atsate njira ya chiphaso cha amateur radio (wailesi yolankhulirana anthu wamba), chimene maina ake oitanirana a ku Malawi amayamba ndi 7Q. Mafunde a HF, amene a chiphaso chimenechi amagwiritsa ntchito, amadumpha mapiri, amafika ku Blantyre ndi kunja popanda nsanja, koma amafuna kuphunzira, eriyo yaitali ndi ndalama. China choiwalika: tchaja ya Baofeng ya m'bokosi ndi ya pakhoma, ndiye gulanitu chingwe cha mavoti 12 kapena cha USB.

Ma apu ngati Briar amatumiza mauthenga pa Bluetooth kapena Wi-Fi popanda netiweki, koma mtunda wake ndi wa nyumba zoyandikana, ndipo ndi bwino onse akhale ataiika kale intaneti isanathe. Starlink, intaneti yodzera pa setilaiti, inafika m'Malawi mu 2023 ndipo siidalira nsanja za pansi, koma mbale yake yaikulu imadya mawati 50 mpaka 100, kutanthauza kuti batire ya galimoto ija ifika pa theka m'maola 3 mpaka 5. Ili bwino pa mpingo, sukulu kapena ofesi imene ili ndi sola yaikulu, n'kumayatsidwa ola limodzi patsiku kuti anthu a m'dera atumize mauthenga. Pabanja limodzi ndi katundu wolemera.

Zotsala ndi zosafuna moto. Wezulo ikhale pa aliyense, ndi ana omwe: kuliza katatu motsatizana ndi chizindikiro chopempha thandizo. Belu la kutchalitchi kapena limu ya galimoto ya pasukulu imamveka lokeshoni yonse, bola amfumu a m'dera ndi a chitetezo cha m'mudzi agwirizaniretu kalizidwe kake, kuti anthu asayese maliro. Wa sacramento (kabaza wa njinga yakapalasa) kapena wa njinga yamoto akhoza kufikitsa kalata kuchoka ku Mchengautuba kupita ku Katoto m'kanthawi kochepa. Lembani tsiku ndi ola pamwamba pa kalatayo, muikulunge mujumbo, ndipo mumuuze adikire yankho. Adzafuna kulipidwa pamanja, chifukwa Airtel Money ndi Mpamba zimagwa limodzi ndi netiweki, ndiye sungani ndalama zing'onozing'ono m'nyumba.

Manambala ofunika alembedwe papepala, lina m'chikwama cha sukulu cha mwana, lina m'chikwama cha Mayi, lina kuseri kwa chitseko. Papepala lomwelo palembedwe malo awiri okumanirana, ena pafupi ndi nyumba, ena pamtunda kunja kwa lokeshoni, osafuna kuwoloka dambo. Kenaka mvula isanayambe, sankhani Loweruka limodzi mu Okutobala, muzimitse mafoni onse, wina apite kumsika waukulu, wina kusukulu ya ana, wina atsale pakhomo, muyese mawokitoki malo ndi malo. Pamene mwamvana bwino mulembe papepala lija, pamene simunamvane mufunefune chitunda choti munthu wapakati adzaimepo.